Bonanza ya mpira m'nyengo ya masika: matimu 12, bwalo limodzi, tiyendetse bwanji?

Mwale wa ku Dowa: Akuluakulu ndi amayi pa gulu pano, moni nonse. Komiti ya achinyamata kuno ikufuna kukonza bonanza ya mpira wamiyendo ndi ntchemberembaye mvula ikangotha, kuti fainolo igwe pa 14 Meyi, tsiku la Kamuzu. Alembetsa ndi matimu 12 a anyamata ndi 8 a atsikana. Bwalo ndi limodzi, la pasukulu ya pulaimale, ndipo panopa udzu wake ukufika m'mawondo. Tikufuna pakhalenso zoimba ndi magule. Inu amene mumazidziwa zinthuzi, tiyambire pati?

Refu Wopuma: Yambirani ku dzuwa, a Mwale. Chapakati pa Meyi m'chigawo chapakati dzuwa limalowa isanakwane hafu pasiti 5, ndipo pofika 6 koloko goloboyi saonanso mpira. M'mawanso muli mame, udzu umaterera mpaka cha m'ma 9 koloko. Ndiye nthawi yeniyeni yosewera ndi kuyambira 9 koloko mpaka hafu pasiti 4. Mukapereka mphindi 25 chigawo chilichonse, zisanu zopuma, khumi za mapenate ndi khumi zosinthana matimu, gemu imodzi ikudya mphindi 75. Ikani motere: 9:00, 10:15, 11:30, 12:45, 2:00, 3:15. Ndi magemu 6 pa tsiku, osaposa. Amene akuuzani kuti magemu 8 akwana pa tsiku limodzi adzaimbira yekha fainolo mumdima.

Mwale wa ku Dowa: Ndiye ndondomeko ya ogonja atuluke ikufuna magemu angati?

Refu Wopuma: Chotsani 1 pa chiwerengero cha matimu: 11. Koma 12 sigawika bwino mpaka kufainolo. Matimu 8 amayamba kusewera magemu 4, pomwe matimu 4 amadutsa ulere n'kukakumana ndi opambanawo m'makotafainolo. Odutsa ulerewo asankhidwe pa maere, oimira matimu onse ali pomwepo, mapepala ali m'chipewa. Mukasankha nokha mukomiti, mlandu wayamba mpira usanakhudzidwe.

Aphunzitsi a Masewera: Ine ndikutsutsa pang'ono, a refu. Timu yalipira ndalama yolowera, yabwereka lole kuchokera kutali, ndiye isewere mphindi 50 n'kubwerera? Chaka chamawa sidzabweranso. Gawani magulu anayi a matimu atatuatatu. Gulu lililonse lili ndi magemu 3, onse pamodzi 12, kuwonjezera masemifainolo awiri ndi fainolo ndi 15. Zikukwana masiku atatu bwinobwino: 6, 6, kenako 3. Tsiku loyamba asewere magulu A ndi B mosinthana, A kenako B kenako A, kuti timu yomwe yangotuluka ipume ola ndi mphindi 15. Tsiku lachiwiri magulu C ndi D. Ubwino wake timu iliyonse iyenda ulendo umodzi wokha pa magemu ake awiri, ndipo matimu omwe ali ndi osewera opembedza Loweruka mutha kuwaika tsiku linalo.

Refu Wopuma: Gulu la matimu atatu limabala chinyengo pa gemu yomaliza. Awiri otsalawo amakhala atadziwa kale zomwe akufuna.

Aphunzitsi a Masewera: Pali njira yake. Musalemberetu kuti gemu yachiwiri ndi ya ndani. Yemwe wagonja gemu yoyamba ndiye asewere yachiwiri ndi timu yachitatu ija, wopambana adikire yomaliza. Pakakhala kufanana mphamvu pa gemu yoyamba, ponyani ndalama kuti mudziwe woyamba kubwereranso. Popeza wodutsa m'gulu ndi mmodzi yekha, gemu yomaliza imakhala ndi kanthu kolimbirana. Lembaninso dongosolo lothetsera kufanana mapointi: kusiyana kwa zigoli, zigoli zomwetsa, kenako maere. M'magulu mulibe mapenate, ndiye mphindi khumi zija zimasanduka zosungira, ndipo mudzazifuna.

Refu Wopuma: Apo ndavomera. Koma fainolo iyambe 3 koloko yeniyeni, mphindi 35 chigawo chilichonse. Itha cha m'ma 4:20, mapenate akakhalapo 4:40, mphoto mpaka 5:10. Alendo olemekezeka alankhule masana nthawi ya magule. Mukawapatsa maikolofoni fainolo isanayambe, mwataya theka la ola.

NaBanda: Musanafike kutali, mwalankhula ndi ahedi? Mayeso a Sitandade 8 amakonda kugwa m'Meyi momwemu, ndipo ana amakhala akuwerenga pasukulu ngakhale Loweruka. Onani kaye masiku omwe MANEB yalengeza chaka chino. Kalata ipite kwa ahedi ndi komiti ya sukulu, ina kwa agulupu, ina kupolisi yapafupi. Tsiku la Lamulungu musayambe m'mawa ngati pasukulupo pamapemphera mpingo m'kalasi. Zikatero magemu 6 sakwana, ndiye magulu C ndi D muwasunthire Loweruka lina, pasadakhale.

Mlimi wa Kasungu: Onjezerani izi. Meyi anthu ali m'minda, akusanja mikukwe, kukumba mtedza, kumenya soya, ena ali pamzere wotumiza fodya ku Kanengo kapena ku Chinkhoma. Oonerera ambiri adzafika ikapitirira 1 koloko. Magemu okoka anthu muwaike masana. Kumbali ya ndalama nyengoyi njabwino, chifukwa m'matumba mwayamba kulowa kanthu, koma n'chifukwa chomwechonso mowa umachuluka pabwalo.

Mwale wa ku Dowa: Zamveka. Nanga bwalolo, tingotentha udzuwo?

Aphunzitsi a Masewera: Ayi, musatenthe. Udzu ukadali wauwisi pansi, supsa mofanana, umasiya timitsitsi tolimba tobaya mapazi, ndipo pofika Julaye bwalo lidzakhala fumbi lokhalokha. Tchetchani ndi zikwanje kutatsala masabata awiri, kenako mubwerezenso kutatsala masiku atatu. Udzu wotchetchawo usaunjikidwe m'mbali mwa bwalo, mumabisala njoka. Mukatha kutchetcha, anthu khumi kapena kuposa afole mzere umodzi n'kuyenda pang'onopang'ono kuchokera golo lina kukafika linalo, akutola miyala, magalasi ndi ziputu. Kwirirani maenje, makamaka omwe ana akumba posaka mbewa, ndipo dothi lokwiriralo mulitsire madzi n'kulisinja. Dzenje longothira dothi lofewa limathyola mwendo chimodzimodzi ngati losakwirira. Pomwe pamera kalasaweni zulani ndi khasu, minga yake imaboola mpira ndi mapazi omwe. Yang'ananinso m'tchire lozungulira ngati muli chitedze, chifukwa nyengo ino chayamba kukhwima. Chiduleni msanga mosamala, m'mawa kuli mame, ubweya wake usanayambe kuuluka.

Mmisiri wa Matabwa: Ndiyike za miyeso. Malamulo amalola bwalo la mamita 90 mpaka 120 m'litali, 45 mpaka 90 m'lifupi. Pasukulu nthawi zambiri 100 ndi 64 imakwana. Vuto lomwe limachuluka ndi makona opotoka, bwalo n'kukhala ngati chikwa cha nkhuku chopendama. Kuti kona ikhale yowongoka, khomani chikhomo pakona, yezani mamita 12 kutsata mzere wakugolo, mamita 16 kutsata mzere wam'mbali, ndiye pakati pa nsonga ziwirizo payenera kukhala mamita 20. Pakapanda kukwana 20, sunthani chingwe cham'mbali mpaka pakwane. Chitani makona onse anayi.

Golo ndi mamita 7.32 mkati mwa mitengo, ndi 2.44 kuchokera pansi kufika kunsi kwa mtanda. Kabokosi kakang'ono ndi mamita 5.5 kuchokera pa mtengo uliwonse ndi 5.5 kulowa m'bwalo. Bokosi lalikulu 16.5 ndi 16.5 momwemonso. Penate pa mamita 11 kuchokera pakati pa golo. Chozungulira chapakati chijambulidwe ndi chingwe cha mamita 9.15 chomangirira pachikhomo. Chingwe chomwecho chimangeni pa malo a penate kuti mujambule uta wakunja kwa bokosi. Mbendera za m'makona zisachepere mita imodzi ndi theka, ndipo zisakhale zosongoka pamwamba.

Mitengo ya bulugamu ilowe pansi masentimita 60 kapena 70, mbali yolowa pansiyo ipakidwe oilo wakuda wa galimoto kuti chiswe chisaidye. Mtanda ukhale mtengo umodzi wouma woposa mamita 7.6. Wauwisi umalemera ndipo umagwa mimba pakati pasanathe sabata. Wolumikiza ndi misomali pakati ndi woopsa, goloboyi akaulendewera umagwa pamutu. Sepani kampata pamwamba pa mitengo yoimayo, mtanda ukhalemo, kenako bawuti kapena waya wolimba. Misomali yokha imazuka.

NaBanda: Ndipo masikito a kuchipatala asasanduke ukonde wa golo, chonde.

Mmisiri wa Matabwa: Zoona amayi. Chingwe cha nayiloni anyamata amaluka okha, mabowo osadutsa mpira. Ukonde usakhale wothina, apo ayi mpira umabwerera msanga ndipo mkangano umabuka woti walowa kapena ayi.

Mwale wa ku Dowa: Mizere tijambule ndi laimu?

Mlangizi wa Zaumoyo: Samalani ndi laimu. Wina ndi wamoto, akakhudza thukuta kapena mame amawotcha khungu, ndipo akalowa m'maso ndi nkhani yachipatala. Ngakhale wopakira nyumba uja amayabwa pa chilonda. Kumudzi phulusa losefa limagwira ntchito, kapena mchenga woyera. Phulusa likhale lozizira ndi lopanda makala kapena misomali.

Mmisiri wa Matabwa: Mizere yonse ya bwalo la 100 ndi 64 ikaphatikizidwa ndi pafupifupi mamita 700, ndiye phulusa muyambe kusonkhanitsa panopa, makamaka kwa owotcha njerwa ndi ophika thobwa. Palani kaye kanjira kosazama ndi khasu kutsata chingwe, kosaposa masentimita 12 m'lifupi, kenako thirani ndi chitini chobowola pansi. Thirani m'mawa wa tsikulo mame atayamba kuuma. Mukathira madzulo, mbuzi ndi ana adzakhala atafufuta pofika m'mawa. Sungani ndowa ziwiri zobwerezera mabokosi masana.

Mayi Kochi: Mwayankhula za anyamata mpaka kutopa, atsikana asewerera pati? Nthawi zambiri amawakankhira pamalo otsetsereka kuseri kwa zimbudzi, ndiye mphoto yawo n'kukhala yotsala. Bwalo la ntchemberembaye ndi mamita 30.5 ndi 15.25, logawidwa patatu mofanana. Theka la chozungulira chakugolo lijambulidwe ndi chingwe cha mamita 4.9 kuchokera pa mtengo. Kachozungulira kapakati pa bwalo ndi masentimita 90 kudutsa pakati. Mtengo utalike mamita 3.05, mkombero wake masentimita 38 mkati. Owotcherera zitsulo ambiri amapanga mkombero waukulu mopitirira poganiza kuti ndi wa basiketibo, apatseni muyeso wolembedwa. Mkomberowo ukhale wogona bwino, osaweramira kutsogolo.

Pansi pakhale popala ndi posesa, popanda timiyala, chifukwa masewerawa ndi oima mwadzidzidzi ndipo mawondo ndiwo amavulala. Wazani madzi pang'ono gemu isanayambe kuti fumbi ligone, koma osachita matope. Oimbira akhale awiri, wina mbali iyi wina mbali inayo. Gemu yonse mwalamulo ndi zigawo zinayi za mphindi 15. Pa bonanza chepetsani zikhale mphindi 10, koma fainolo ikhale yathunthu. Matimu 8 ogonja atuluke ndi magemu 7. Ngati mukufuna chilungamo chomwe mwachitira anyamata, pangani magulu awiri a matimu anayi: magemu 12, masemi awiri ndi fainolo, 15 ndendende. Zovala za malo zija, GS, GA, WA, C, WD, GD, GK, musaiwale. Ngati palibe, telala asoke kuchokera ku nsalu ziwiri zosiyana mtundu. Popanda zimenezo woimbira sangadziwe yemwe walowa malo osaloledwa.

Pempho langa lalikulu: fainolo ya atsikana isachitike nthawi imodzi ndi gemu ya anyamata. Ikhale pa 14 pomwepo, cha m'ma 12 koloko masemifainolo a anyamata atatha, anthu onse aone.

Refu Wopuma: Zikugwirizana ndi nthawi. Masemi 9:00 ndi 10:15, ntchemberembaye 12 koloko, magule ndi zolankhula hafu pasiti 1, fainolo 3 koloko. Opambana semi yachiwiri apuma maola oposa atatu.

Msungichuma: Tsopano ndalama, pomwe mabonanza ambiri amafera. Mphoto musalengeze ya ndalama yomwe simunaigwire m'manja. Wina akalonjeza kuti adzathandiza, muwerengere pokhapokha yalowa. Pa ndalama zonse zomwe zapezeka chotsani kaye zolipira oimbira, mafuta a jenereta, mipira, madzi ndi zachipatala. Zotsalazo ndizo mphoto. Kagawidwe kosadandaulitsa ndi 50 pa 100 kwa oyamba, 30 kwa achiwiri, ndipo 20 yotsalayo agawane ogonja m'masemi, kuti musavutike ndi gemu yolimbirana nambala 3 yomwe palibe amaifuna. Ndalama yolowera ilipiridwe maere asanachitike, kaya pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo aliyense alandire lisiti. Timu yonena kuti idzalipira pabwalo isalowe m'chipewa. Ndalama isasungidwe ndi munthu mmodzi wodziwa yekha nambala yachinsinsi. Buku likhale kwa mlembi, foni kwa msungichuma, ndipo madzulo aliwonse awerengere limodzi pamaso pa wapampando.

Mlimi wa Kasungu: Nanga andale akabwera ndi mayunifomu ndi chikho?

Msungichuma: Landirani mphatso, koma lembani pangano: palibe nsalu za chipani pabwalo, palibe nyimbo za chipani pa masipika, ndipo mphatsoyo iperekedwe kukomiti tsiku lisanafike. Wopereka athokozedwe pa maikolofoni ngati wina aliyense. Mukalola mbendera ya uyu, otsatira a winayo abwera ndi yawo, ndipo apolisi awiri omwe mwaitana sangakwanitse.

Refu Wopuma: Malamulo a mpikisano akwane tsamba limodzi, ndipo kaputeni ndi kochi wa timu iliyonse asainire pa tsiku la maere. Muikemo izi. Timu ilembetse osewera osaposa 18, mndandanda utsimikizidwe ndi amfumu a mudzi wawo, ndipo wosewera mmodzi asaoneke m'matimu awiri. Nenani poyera ngati obwereka ochokera kumatimu a m'tauni akuloledwa, ndi angati. Nkhani imeneyi ikasiyidwa, pa semifainolo mudzaona nkhope zomwe palibe akuzidziwa. Ngati pali malire a zaka, chiphaso cha unzika chionetsedwe, popeza chimaperekedwa kuyambira zaka 16. Ocheperapo abwere ndi kalata ya ahedi. Timu yochedwa mphindi 15 yagonja 2 kwa 0. Khadi lofiira ndi kusasewera gemu yotsatira. Madandaulo alembedwe pasanathe mphindi 30 gemu itatha, ndi kandalama kobwezedwa ngati dandaulo lapambana. Timu yomwe ochemerera ake alowa m'bwalo kukamenya woimbira yatuluka, ndalama yake osabweza.

Oimbira atengedwe kunja kwa midzi yopikisanayo. Funsani komiti ya mpira ya m'boma lanu, amadziwa omwe anaphunzitsidwa ndi FAM, bungwe loyendetsa mpira wamiyendo m'dziko muno. Mmodzi sangaimbire magemu 6 pa tsiku, akhale atatu osinthana, awiri akugwira mbendera pomwe wina ali pakati. Alipidwe ndi komiti basi, ndipo asadye nsima kunyumba kwa mkulu wa timu iliyonse.

Wa ku Mangochi: A refu, mwasiya nkhani ya zizimba.

Refu Wopuma: Sindinaiwale. Kaya munthu amakhulupirira kapena ayi, zimadya nthawi. Timu ikana kulowera polowera anzawo, ina ikufuna kukumba pagolo, ina ikuthira madzi pa mzere. Lamulo likhale lakuti pagolo pamafika goloboyi ndi oimbira okha, mbali yoyambira isankhidwa ndi ndalama yoponya, ndipo mphindi 15 zija zikuwerengedwa ngakhale timu ili pompo koma ikukana kulowa. Usiku wa fainolo apolisi a m'mudzi alondere bwalo, matimu onse adziwe kuti lalonderedwa.

Aphunzitsi a Masewera: Za nsapato. M'matimu a kumudzi ena amavala, ena ali chapansi. Oimbira ayang'ane nsapato gemu isanayambe. Zamano achitsulo pa nthaka youma ya Meyi n'zosafunika, ndipo zimang'amba mnzake wopanda nsapato. Mipira ikhale itatu ya saizi 5, ndi pampu ndi singano ziwiri. Mpira wopopedwa m'mawa kukuzizira umalimba dzuwa likakwera, ndiye musauthinitse kwambiri, ndipo osungirawo akhale pamthunzi. Ikani ana anayi otola mipira, chifukwa kuseri kwa golo kumakhala minda yosakolola ndipo mpira ukalowa m'chimanga mphindi zimapita. Mwini munda mumuuziretu, ndipo oonerera asapondemo.

DJ Wakumudzi: Ndalowa mochedwa koma za phokoso ndi zanga. Kajenereta kakang'ono kosakaniza petulo ndi oilo kaja musakadalire. Mphamvu yake yeniyeni ndi mawati 650 kapena kuchepera, magetsi ake amakwera n'kutsika, ndipo ndiko kamapsetsa mikisa. Pa masipika awiri aakulu, ampu imodzi ndi mikisa, pezani ya 2.5 kVA. Imamwa pafupifupi lita imodzi pa ola, ndiye tsiku la fainolo konzani malita 10. Onani oilo musanalize. Kayatsidwe kake: lizani jenereta popanda cholumikiza, idikireni mphindi ziwiri kapena zitatu ikhazikike, yatsani mikisa, ampu pomaliza voliyumu ili pansi. Pozimitsa yambani ndi ampu. Mukasemphanitsa mumamva kuphulika m'masipika, ndipo timasipika ta mawu ang'ono timapita motero. Jenereta ikayamba kutsokomola kuti mafuta akutha, zimitsani ampu msanga isanazime yokha. Musathire petulo ikulira kapena ikadali yotentha.

Iikeni mamita 15 kapena 20 kuchokera pa tebulo, mbali yomwe mphepo ikupita. Nyengo ino mphepo imakonda kuchokera kummwera chakum'mawa. Waya akhale wonenepa ndipo mumutambasule yense, wokulunga amatentha. Masipika akhale kutsogolo kwa wolankhula, apo ayi maikolofoni imalira mluzu. Ndipo gemu ikamaseweredwa nyimbo zizime, atsale wolengeza yekha, wezulo imveke.

NaBanda: Wolengezayo asakhale wonyoza. Nthabwala za mudzi wa anthu kapena za thupi la mtsikana wosewera zimayambitsa ndewu msanga kuposa penate.

DJ Wakumudzi: Eya amayi. Komanso ngati usiku mukufuna disiko yolipiritsa pakhomo, dziwani kuti kuimba nyimbo pagulu kuli ndi chilolezo cha COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, ndipo pasukulu ahedi ambiri sangalole. Ine ndikanati zonse zithere pa mphoto, anthu afike kwawo kusanade.

Wa ku Mangochi: Onaninso ndandanda ya mpira wa pa wailesi ndi pa kanema. Ngati Loweruka limenelo Bullets ikukumana ndi Wanderers, theka la oonerera lidzaunjikana pa wailesi. Meyi ndi mweziwonso womwe ligi ya ku England imatha, ndipo gemu yoyamba 3 koloko kumeneko kuno imakhala 4 koloko. Anyamata amathawira ku vidiyo sho. Pa ndandanda ya a refu gemu yomaliza ikutha hafu pasiti 4, ndiye mutaya pang'ono chabe, koma mukachedwa ndi ola bwalo lidzakhala lopanda anthu.

DJ Wakumudzi: Mwini vidiyo sho mupangane naye, alengeze bonanza yanu, inu mulengeze magemu ake ausiku. Amene akuganiza zoonetsa ndi batire la sola awerengere bwino. Batire la 100Ah pa mavoti 12 limasunga mawati 1,200 a ola limodzi, koma mukalimwa kupitirira theka limafa msanga. TV ndi dikoda zikamadya pafupifupi mawati 100, ndi maola asanu, osaposa. Jenereta isalowe m'nyumba yoonetsera ngakhale kunja kukuzizira, utsi wake umapha anthu osadziwa.

Gogo wa Mganda: Ana inu, magule si oitana dzulo lake. Ku Dowa muli ndi mganda ndi chimtali, pitani kwa atsogoleri awo kutatsala masabata atatu kuti akonzekere. A mganda amafuna nthawi yochapa ndi kusita zovala zoyera ndi kukonza mabadza. Gulu lililonse lipatsidwe mphindi 15 ndipo liuzidwe pasadakhale, chifukwa gule akakoma satuluka m'bwalo. Magulu anayi akwana pa ola lomwe muli nalo. Ng'oma nyengo yozizira ino zimafooka chikopa, choncho kolezani kamoto ka mapesi pambali kuti aziwamba asanalowe. DJ azimitse zake zonse ng'oma zikayamba. Avine chapakati pa bwalo, osati m'bokosi, kuopa kufufuta mizere fainolo isanachitike.

Gule wamkulu ndi nkhani ina. Saitanidwa ndi komiti ya mpira. Ngati mukumufuna, amfumu eni mzinda ndiwo angalole ndi kunena malo ndi nthawi, ndipo pabwalo la sukulu lodzaza ana ndi anthu a mipingo yosiyana ine sindikanamuika.

Mlimi wa Kasungu: Akuluakulu osathamanga muwaikire bawo pansi pa mtengo, mabolodi awiri akwana. Agwirizane kaye mtundu wa kaseweredwe, chifukwa midzi imasiyana.

Mlangizi wa Zaumoyo: Zanga ndi izi. Madzi akumwa akhale m'ndowa zotseka zokhala ndi mpopi, othiridwa klorini. Muyeso wake akupatsani mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu, ndipo mudikire mphindi 30 musanamwe. Kapu imodzi yoviika m'ndowa ya anthu onse ayi. Timu iliyonse ibwere ndi chigubu chake cha malita 20. Zimbudzi za sukulu zitsegulidwe, pakhale madzi ndi sopo, ndipo mugwirizane amene adzatsuke mukatha. Ogulitsa mandasi, zitumbuwa, mbatata, mtedza wowiritsa ndi thobwa akhale mbali imodzi, zakudya zovindikira. A chiwaya ndi akanyenya atalikirane ndi njira yomwe anthu angathamangire, mafuta otentha ndi chipwirikiti siziyenderana.

M'bokosi la chithandizo mukhale mabandeji otamuka, thonje, mankhwala otsukira zilonda, magolovesi, pulasitala ndi mapaketi a ORS. Paketi imodzi ndi ya lita imodzi ya madzi abwino. Wobinya asakokedwe kapena kutikitidwa, mthireni madzi ozizira, mangani bandeji, mwendo ukwezedwe. Ngati mukuganiza kuti fupa lathyoka, mangirirani thabwa momwe mwendowo ulili, osauwongola. Wogunda mutu n'kukomoka, kusanza kapena kusokonezeka asabwererenso m'bwalo tsiku limenelo ngakhale akakamire, apite kuchipatala. Wodandaula khosi kapena msana asanyamulidwe pa kabaza. Choncho galimoto imodzi ikhale pabwalo tsiku lonse, mafuta alimo, dalaivala wosamwa, ndipo pa tsiku la tchuthi ngati 14 Meyi mudziwitsiretu achipatala kuti pakhale munthu.

NaBanda: Mowa wa m'mabotolo agalasi usafike m'mbali mwa bwalo. Nzimbenso zizigulitsidwa zodula kale timapisi. Nzimbe yathunthu m'manja mwa wochemerera wokwiya ndi chibonga.

Mmisiri wa Matabwa: Mangani chingwe mamita awiri kapena atatu kunja kwa mizere, pa zikhomo zofika m'chiuno, makamaka kuseri kwa magolo. Popanda chingwe anthu amasendera pang'onopang'ono, pofika fainolo bwalo lachepa ndipo wa mbendera alibe pothamanga.

Mwale wa ku Dowa: Zikomo kwambiri nonse, tatenga njira ya magulu. Funso lotsala: mvula yotsalira ikagwa, kapena m'mudzi mukagwa maliro tsiku limenelo?

Refu Wopuma: Kamvula kowaza sikaimitsa mpira. Kukachita ziphaliwali ndi mabingu onse atuluke, alowe m'makalasi, osati pansi pa mitengo, ndipo mudikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Gemu yoimitsidwa ipitirire pa mphindi ndi zigoli zomwe inalekera. Lembani zimenezo m'malamulo, chifukwa ogonja amafuna iyambirenso.

Gogo wa Mganda: Maliro akagwa m'mudzi womwe muli bwalo, palibe ng'oma, palibe wezulo, mpaka amfumu atanena. Akagwa kumudzi kwa timu ina, timuyo isawerengedwe kuti yathawa, isunthireni gemu.

Msungichuma: Ndiye tchulani tsiku lapadera panopa, Loweruka lotsatira, lilembedwe m'kalata ya ahedi ndi ya apolisi. Mwini jenereta ndi masipika mumupatse theka lokha poyamba, ndipo pangano linene kuti tsiku likasuntha ndalamayo isunthira limodzi. Oimbira ochokera kutali auzidwe pofika 6 koloko m'mawa, asanakwere minibasi, apo ayi mudzawalipira ulendo kawiri.